MANDA A MIYALA IKULUIKULU A KU NEWGRANGE NDI KATETEZEDWE KAKE

Mawu otsogolera

Pophunzira Chichewa timauzidwa kuti mtundu wa anthu umasunga mbiri yake m'mabuku komanso pakamwa, kudzera m'nthano, m'miyambi ndi m'nyimbo. Koma alipo anthu ena akalekale amene sadasiye buku ngakhale limodzi, ndipo chiyankhulo chawo chidapita nawo. Zimene tingadziwe za anthu oterewa zili m'zinthu zomwe adapanga ndi manja awo, makamaka manda.

Nkhani ino ikufotokoza za manda a miyala ikuluikulu a ku Newgrange m'dziko la Ireland. Tiona mamangidwe ake, mavuto amene mandawa adakumana nawo, ndi momwe akutetezedwera. Ophunzira, pamene mukuwerenga gwirani mfundo yaikulu iyi: manda oterewa amatiuza mbiri pokhapokha chinthu chilichonse chikakhala pamalo pomwe eni ake adachisiya. Mwala kapena fupa likasunthidwa mosasamala, mbali ina ya mbiri imatayikiratu.

Manda a miyala ikuluikulu n'chiyani?

Awa ndi manda amene anthu akale adamanga poimika ndi kusanja miyala ikuluikulu popanda matope kapena simenti. Akatswiri amawatchula ndi liwu lakuti megalith, lomwe lidachokera ku mawu awiri a Chigiriki: megas, kutanthauza chachikulu, ndi lithos, kutanthauza mwala. Ku Ulaya ambiri mwa mandawa adamangidwa pakati pa 4500 BC ndi 2000 BC. Kumbukirani kuti zaka za BC zimawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa kubadwa kwa Yesu, choncho 4500 BC ndi kale kuposa 2000 BC.

Mandawa alipo a mitundu yosiyanasiyana. Ena ndi osavuta kuwamvetsa: miyala ingapo yoimika, ndipo pamwamba pake mwala umodzi waukulu wogoneka, monga umakhalira mphika pa mafuwa. Ena ndi manda a mpita. Amenewa ali ndi kanjira kopapatiza komangidwa ndi miyala, kopita ku chipinda cha m'kati, ndipo zonsezo zidakwiriridwa ndi mtumbira waukulu wa miyala ndi dothi.

Ku Ireland kokha kuli manda a miyala ikuluikulu oposa 1,500. Ena amapezeka ku France, ku Spain, ku Portugal ndi ku Korea. Mu Afirika muno, m'mayiko a Senegal ndi Gambia, muli miyala yoimikidwa mozungulira pa malo amene padaikidwa anthu, ngakhale kuti imeneyi ndi ya m'zaka zapambuyo. Ife tisankha malo amodzi, Newgrange, kuti tiwaone mwakuya.

Malo ake ndi anthu amene adamanga

Newgrange ali m'boma la Meath, kumpoto kwa mzinda wa Dublin, pamalo pomwe mtsinje wa Boyne udakhota. Dera lonselo limatchedwa Brú na Bóinne m'chiyankhulo cha ku Ireland. M'derali muli mitumbira itatu ikuluikulu, ya Newgrange, Knowth ndi Dowth, komanso manda ena ang'onoang'ono ambiri.

Manda a Newgrange adamangidwa cha m'ma 3200 BC, kutanthauza kuti atha zaka zoposa 5,000. Ndi akale kuposa mapiramidi a ku Giza m'dziko la Egypt. Amene adamanga adali alimi a tirigu ndi barele, oweta ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba. Sadadziwe chitsulo. Zida zawo zidali za miyala, mitengo ndi mafupa.

Mamangidwe ake

Mtumbira wa Newgrange ndi wotambalala mamita pafupifupi 85, ndipo msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 12. Akatswiri amayerekeza kuti miyala ndi dothi zomwe zidaunjikidwa pamenepo zimalemera matani pafupifupi 200,000. M'munsi mwa mtumbirawu mudazunguliridwa ndi miyala ikuluikulu yogoneka yokwana 97. Wotchuka mwa miyalayi ndi wa pakhomo, umene udasemedwa zithunzi zozungulirazungulira ngati chigoba cha nkhono.

Mpita wake ndi wautali mamita 19, ndipo penapake ndi wothina moti munthu amayenda chowerama. Kumapeto kwake kuli chipinda chokhala ndi tizipinda titatu, kamodzi kumanja, kena kumanzere, kena kutsogolo. Pachifukwa ichi, mpita ndi chipindacho zikajambulidwa papepala zimaoneka ngati mtanda. M'tizipindamo muli miyala yosemedwa ngati mbale zikuluzikulu, momwe ankaikamo mafupa a akufa.

Luso lalikulu lili pa denga la chipindacho. Omanga adasanja miyala yafulati mozungulira, mzere uliwonse ukulowa m'kati pang'ono kuposa wapansi pake. Mpata udanka nuchepa mpaka adautseka ndi mwala umodzi, mamita 6 kuchokera pansi. Pamwamba pa miyala ya denga la mpita adasemapo tingalande totaya madzi a mvula, ndipo m'mipata adamatamo dothi lootcha losakaniza ndi mchenga wa kunyanja. Ireland ndi dziko la mvula yambiri, komabe denga la chipindachi lakhala losadontha zaka zonsezi.

Miyala yambiri ikuluikulu siidali ya pamalopo. Idachokera cha ku Clogherhead, m'mbali mwa nyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Miyala yoyera yonyezimira, yangati nsangalabwi, idachokera ku mapiri a Wicklow, makilomita oposa 50 kummwera. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ina mwa miyalayi idabwera pamadzi, kudzera panyanja ndi mumtsinje wa Boyne, kenaka n'kukokedwa kukwera nayo chitunda. Paja mutu umodzi susenza denga. Ntchito yotere idafuna anthu ambiri, chakudya chokwanira, utsogoleri, ndi chikhulupiriro chimene onse adachilemekeza.

Manda ndi dzuwa

Pamwamba pa khomo la Newgrange pali kazenera komangidwa ndi miyala. Kuti timvetse ntchito yake, tikumbuke kuti Ireland ali kumpoto kwa dziko lapansi. Pamene kwathu kuno mwezi wa Disembala ndi wa dzinja ndipo masiku amatalika, kumeneko ndi nyengo yozizira kwambiri, ndipo tsiku lalifupi kuposa onse limakhala cha pa 21 Disembala.

M'masiku ochepa ozungulira tsikuli, dzuwa likangotuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, kuwala kwake kumalowa pa kazenera kaja, kumayenda mumpita wonse, mpaka kukafika pansi pa chipinda cha m'kati. Kuwalako kumakhala mphindi pafupifupi 17, kenaka mdima umabwerera. Izi sizidachitike mwangozi. Mpitawu ndi wokwera pang'onopang'ono potsata chitunda, moti pansi pa chipinda ndi pamwamba kuposa pakhomo ndi mamita pafupifupi 2. Kuwala kolowera pakhomo kumathera panjira. Kolowera pa kazenera kokha ndiko kumafika m'chipinda, pakuti kazenerako kadaikidwa pa msinkhu wolingana ndi pansi pa chipindacho.

Apa tikuphunzirapo kuti anthuwa ankadziwa bwino kayendedwe ka dzuwa, ndipo adalumikiza akufa awo ndi tsiku limene masiku amayambanso kutalika. Taganizani: miyala ya kazenerako ikadagumulidwa n'kukamangira khola kapena msewu, palibe akadadziwa za nzeru imeneyi.

Zimene nthano zidasunga

Patapita zaka mazana angapo, mandawa adaleka kugwiritsidwa ntchito. M'mbali mwa mtumbira mudagumuka, khomo lidakwiririka, ndipo pamwamba padamera udzu ndi mitengo. Koma malowo sadaiwalike. Anthu amene adakhala m'dzikolo pambuyo pake adawaika m'nthano zawo, zomwe zidadzalembedwa m'mabuku Chikhristu chitafika kale. Nthanozo zimati mtumbirawu udali nyumba ya mulungu wotchedwa Dagda, ndi mwana wake Aengus, amene mayi wake adali Boann, mwini mtsinje wa Boyne. Nthano ina imati Dagda adaimitsa dzuwa, moti miyezi isanu ndi inayi idangokhala ngati tsiku limodzi. Onani kuti nthanoyi ikukamba za dzuwa pa malo omwewo amene adamangidwa moyang'ana dzuwa.

Anthu akumudzi ku Ireland ankakhulupiriranso kuti m'mitumbira yakale mumakhala mizimu, ndipo woikumba amaona malodza. Mantha amenewa adapulumutsa malo ambiri. Ifenso tikudziwa kuti m'midzi mwathu nkhalango ya kumanda imakhala yowirira pamene mitengo ina yonse idatha, chifukwa munthu sadulako mtengo mwachisawawa. Ulemu ndiwo mlonda woyamba wa manda. Komabe, monga tione tsopano, ulemu pawokha sukwanira.

Adani a mandawa

Mdani woyamba ndi ofuna chuma. Mabuku akale a mbiri ya Ireland amanena kuti cha m'ma 860 AD, ankhondo ochokera kumpoto kwa Ulaya otchedwa Vikings adalowa m'mapanga a ku Knowth ndi Dowth pofunafuna zinthu zamtengo wapatali.

Mdani wachiwiri ndi ofuna miyala. M'chaka cha 1699 mwini malo, Charles Campbell, adatuma antchito ake kuti akatenge miyala pa chitunda cha Newgrange. Ali m'kati mokumba, adatulukira khomo la mandawa. Chaka chomwecho katswiri wa ku Wales, Edward Lhuyd, adafika pamalopo nalemba zimene adaona.

Mdani wachitatu ndi alendo. Khomo litatseguka, kwa zaka pafupifupi 200 aliyense ankalowa mmene wafunira. Ena adasema mayina awo pa miyala ya m'chipinda, ndipo mayinawo akuoneka mpaka lero. Pansi pa chipinda padapondedwapondedwa, zinthu zidasakanikirana, ndipo zimene zidatengedwa sizidalembedwe.

Mdani wachinayi ndi wodabwitsa: ophunzira osadekha. M'chaka cha 1847 gulu la anthu ophunzira lidayamba kukumba mtumbira wa Dowth pofuna chipinda chimene linkaganiza kuti chili pakati. Chipindacho silidachipeze, koma lidasiya chidzenje chachikulu chimene chilipobe. Madzi akatayika saoleka. Kufukula kuli ngati kuwerenga buku limene tsamba lililonse limang'ambika ukangoliwerenga. Wofukula akapanda kulemba ndi kujambula zonse, wina sangabwerezenso.

Kufukula kwa Michael O'Kelly

Kufukula kwadongosolo kudachitika kuyambira 1962 mpaka 1975 motsogozedwa ndi Pulofesa Michael J. O'Kelly wa ku University College Cork. Iye ndi anzake ankayeza, kujambula ndi kulemba pomwe chinthu chilichonse chapezeka asanachichotse. M'chipinda adapezamo mafupa a anthu osachepera asanu, atatu otenthedwa ndi awiri osatenthedwa, pamodzi ndi mikanda, timipira ta miyala ndi zidutswa za zinthu zosemedwa kuchokera ku mafupa.

Zaka za mandawa zidadziwika poyeza makala a m'dothi lootcha lija lomatira denga. Chamoyo chilichonse chimakhala ndi mtundu wina wa kaboni wotchedwa kaboni 14. Chamoyocho chikafa, kaboniyu amayamba kuchepa pa liwiro lodziwika: theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Poyeza wotsalayo, akatswiri amadziwa nthawi imene mtengo udafa. Makalawo adali ndi phindu chifukwa adapezeka pomwe omanga adawasiya. Akadatoledwa pabwalo, sakadatiuza kanthu za mandawa.

Anthu a m'deralo adauza O'Kelly kuti makolo awo ankati tsiku lina pachaka dzuwa limawala m'chipindamo. Iye sadanyoze mawuwo. Ataona kumene khomo lidaloza, adaganiza zokayesa pa tsiku lalifupi la chaka. M'mamawa wa pa 21 Disembala 1967 adalowa yekha m'chipindamo, nadikira mumdima, ndipo adaona kuwala kukulowa. Zoonadi mawu a akulu akoma akagonera.

O'Kelly sadafukule mtumbira wonse. Mbali yaikulu idasiyidwa osakhudzidwa, ndipo akatswiri a m'tsogolo, okhala ndi zida zabwino kuposa za lero, adzapeza poyambira.

Mtsutso wa khoma loyera

Munthu wofika pa Newgrange lero amaona khoma lalitali loyera kumaso kwa mtumbira. Khomali ndi la masiku ano, ndipo lidabutsa mtsutso umene sudathebe.

Pofukula, O'Kelly adapeza miyala yoyera ija ili mbwee pansi, kutsogolo kwa miyala ya m'munsi mwa mtumbira. Iye adati miyalayo idali khoma limene lidagwa. Pofuna kutsimikiza, adamanga kakhoma koyesera, nakagwetsa, ndipo adayerekeza kagwedwe kake ndi zimene adapeza m'nthaka. Pambuyo pake khoma lidamangidwa, miyala yoyerayo itamatidwa pa konkire yokhala ndi zitsulo m'kati.

Otsutsa amati khoma loima chilili chotero silikadatheka popanda konkire, yomwe anthu akalewo adalibe. Iwo amaganiza kuti miyalayo idayalidwa dala pansi ngati bwalo la miyambo. Pulofesa George Eogan, amene adayamba kufukula ku Knowth mu 1962 ndipo adagwira ntchitoyo zaka pafupifupi 40, adapezanso miyala yoyera pafupi ndi makomo a mandawo, koma kumeneko idasiyidwa ili pansi. Motero, pa malo awiri oyandikana, mlendo amaona mayankho awiri a funso limodzi.

Phunziro lake ndi lakuti kukonza malo akale ndi kutanthauzira, ndipo wotanthauzira akhoza kulondola kapena kuphonya. N'chifukwa chake akatswiri a masiku ano amalangiza kukonza pokhapokha pakufunika, kusiyanitsa chatsopano ndi chakale, ndiponso kupewa kuchita chinthu chimene sichingabwezedwe.

Njira zotetezera

Njira yoyamba ndi malamulo. Mu 1882, Ireland akali pansi pa ulamuliro wa Britain, padakhazikitsidwa lamulo la Ancient Monuments Protection Act, ndipo Newgrange ndi Dowth adali pa mndandanda wa malo otetezedwa. Dzikolo litayamba kudzilamulira, lidakhazikitsa lamulo lake la National Monuments Act mu 1930, lomwe lidaletsa kufukula zinthu zakale popanda chilolezo. Mu 2023 nyumba ya malamulo idavomereza lamulo latsopano loti lilowe m'malo mwa akalewo.

Njira yachiwiri ndi mgwirizano wa mayiko. Mu 1972 bungwe la UNESCO lidakonza pangano loteteza malo amene ndi cholowa cha anthu a dziko lonse lapansi. Dera la Brú na Bóinne lidalembedwa pa mndandanda wa malo oterewa mu 1993. Chotetezedwa si mitumbira yokha ayi. Pali dera lapakati la mahekitala oposa 750, ndi dera lina lolizungulira la mahekitala oposa 2,500, momwe zomangamanga zimaunikidwa mosamala. Kufunika kwa zimenezi kudaoneka mu 2018. Chaka chimenecho kudali chilala, ndipo zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba zidaonetsa chizindikiro cha bwalo lalikulu lozungulira m'munda wina pafupi ndi Newgrange. Maenje amene kale mudaimikidwa nsanamira adasunga chinyezi kuposa nthaka ina, choncho mbewu za pamenepo zidabiriwira pamene zinzake zidafota. Munda wooneka wamba udali utabisa mbiri. Mu 2023 boma lidagulanso malo a Dowth Hall, maekala oposa 500, kuti akhale m'manja mwa dziko.

Njira yachitatu ndi kuchepetsa ndi kulongosola alendo. Mu 1997 padatsegulidwa nyumba yolandirira alendo kutsidya kwa mtsinje. Wofuna kuona Newgrange kapena Knowth amayambira kumeneko, amawoloka pa mlatho wa oyenda pansi, n'kukwera basi. M'chipinda amalowa m'timagulu tating'ono motsogozedwa ndi wowaperekeza, amene amawaonetsa kalowedwe ka dzuwa pogwiritsa ntchito getsi. Ofuna kuona dzuwa lenilenilo mu Disembala ndi masauzande ambiri, koma chipinda n'chaching'ono, choncho amachita maere. Mu 2020, chifukwa cha mliri wa COVID-19, chipindacho chidatsekedwa ndipo kulowa kwa dzuwa kudaonetsedwa pa intaneti.

Njira yachinayi ndi maphunziro. Boma silingaike mlonda pa manda aliwonse. Mu Okutobala 2023 kudapezeka kuti anthu ena adakanda mawu ndi zithunzi pa miyala ya manda a ku Carrowkeel m'boma la Sligo, amene ali kuphiri kopanda mlonda. Malo oterewa amadalira anthu oyandikana nawo ndi alendo ozindikira.

Pakati pa amoyo ndi akufa

Kuteteza malo akale kuli ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri amene amalipira ndi anthu okhala pafupi. Chitsanzo ndi tauni yaing'ono ya Slane, kufupi ndi Knowth. Msewu waukulu umadutsa m'tauniyi, n'kutsetsereka kukawoloka Boyne pa mlatho wakale wopapatiza. Pamalowa pachitika ngozi zambiri, makamaka za malole, ndipo anthu afapo. Eni tauniyi adapempha msewu wolambalala. Mu 2012 bungwe loona za mapulani a zomangamanga lidakana pulani imene idaperekedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti msewuwo ndi mlatho wake zikadayandikira kwambiri dera lotetezedwa. Anthu ambiri a ku Slane adakhumudwa. Patapita zaka, akuluakulu a deralo adakonzanso pulani ina.

Nkhani ngati iyi ilibe yankho lapafupi. Moyo wa munthu ndi wamtengo wapatali, ndiponso malo a zaka 5,000 akaonongeka sabwerera. Chofunika ndi chakuti eni dera amvedwe kuyambira pachiyambi, ndipo njira zonse ziunikidwe ntchito isanayambe. Anthu akaona kuti malo akale akungowapinga, amaleka kuwasamala.

Phindu la kusunga

Wina angafunse kuti: kodi mafupa ndi miyala yakale zili ndi phindu lanji? Yankho lili pa zimene zidachitika mu 2020. Akatswiri a ku Trinity College Dublin adayeza DNA, yomwe ndi chidindo cha chibadwa chimene munthu amatengera kwa makolo ake, kuchokera ku fupa la mwamuna wina wa m'chipinda cha Newgrange. Adapeza kuti makolo a mwamunayu adali apachibale chenicheni, monga munthu ndi mlongo wake. Adapezanso kuti adali pachibale chapatali ndi anthu ena oikidwa m'manda a mpita ku Sligo, mtunda wa makilomita pafupifupi 150. Ofufuzawo adati izi zikhoza kusonyeza banja lachifumu lomwe linkakwatirana lokhalokha. Akatswiri ena adatsutsa, nati munthu mmodzi sangakhale umboni wa ufumu.

Kwa ife, mfundo ndi yakuti fupalo lidafukulidwa m'nthawi ya O'Kelly, pamene njira yoyezera DNA ya anthu akale kudalibe. Lidadikira zaka pafupifupi 50. Chifukwa chakuti lidasungidwa bwino, ndipo pomwe lidapezeka padalembedwa, lidayankha funso limene wolifukula sakadatha kuliyankha.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Pa mndandanda wa UNESCO womwewo pali malo a m'Malawi: Lake Malawi National Park kuyambira 1984, zojambula za pamiyala za ku Chongoni m'boma la Dedza kuyambira 2006, ndi phiri la Mulanje kuyambira 2025. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa. Mdani amene adasema mayina ku Newgrange ndi yemweyo amene amalemba ndi makala kapena choko pamwamba pa zojambulazi. Dziko lathu lilinso ndi lamulo la Monuments and Relics Act loteteza malo ndi zinthu zakale.

Choncho, mukapita kukaona malo akale, musalembe dzina lanu pamwala, musakhudze zojambula, ndipo musatole kanthu. Mukapeza mapale, mikanda kapena mafupa akale polima kapena pokumba maziko, zisiyeni pomwepo, ndipo dziwitsani amfumu ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.

Kuomba mkota

Manda a Newgrange ndi umboni wa luso, umodzi ndi chikhulupiriro cha alimi amene sadasiye malemba. Adapulumuka chifukwa cha mamangidwe olimba, kukwiririka kwa khomo, ndi ulemu wa anthu. Adaonongeka pena ndi pena chifukwa cha ofuna chuma, ofuna miyala, alendo ndi ofukula osadekha. Lero akutetezedwa ndi malamulo, mgwirizano wa mayiko, dongosolo la alendo ndi maphunziro. M'zonsezi, chachikulu ndi kusunga chinthu chilichonse pamalo pake, kuti obwera m'mbuyo mwathu adzathe kufunsa mafunso awo.

Matanthauzo a mawu ena

Mtumbira: mulu wa dothi kapena miyala wa pamwamba pa manda.
Mpita: kanjira kopapatiza kodutsa pansi kapena m'kati mwa chinthu.
Cholowa: chuma kapena chinthu chimene makolo amasiyira ana awo.
Kufukula: kukumba pofuna kutulutsa chinthu chokwiririka.
Maere: njira yosankhira anthu mwamwayi, mosakondera.
Malodza: zinthu zachilendo zolosera tsoka.

Mafunso

1. Tchulani mitumbira itatu ikuluikulu ya m'dera la Brú na Bóinne.
2. Fotokozani momwe denga la chipinda cha Newgrange lidamangidwira.
3. N'chifukwa chiyani kuwala kolowera pakhomo sikufika m'chipinda?
4. Perekani adani anayi a mandawa, ndipo fotokozani zimene aliyense adachita.
5. Kodi mwambi wakuti "madzi akatayika saoleka" ukugwirizana bwanji ndi zimene zidachitika ku Dowth?
6. Fotokozani maganizo a mbali ziwiri pa mtsutso wa khoma loyera.
7. Kodi nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani za kufunika kwa nthano ndi mawu a makolo?
8. Lembani chifupikitso cha gawo lakuti "Njira zotetezera" m'mawu osaposa 60.
9. Lembani chimangirizo cha mawu pakati pa 350 ndi 500 pa mutu uwu: "Chitukuko chisadikire malo akale." Gwirizanani kapena tsutsanani ndi mutuwu, ndipo perekani zifukwa zomveka.